Mvula ili pakamwa pa aliyense pa Migowi

Mwezi wa Novembala ukangolowa, pa Migowi pamadzaza akatswiri a zanyengo. Wa kabaza, mayi wogulitsa tomato, telala wa pakhonde la golosale, mnyamata woitanira minibasi za ku Limbe, aliyense ali nalo tsiku lake limene mvula yodzalira idzagwe, ndipo aliyense ali ndi umboni wake. Za mpira zimayamba zaima kaye. Ngakhale mtengo wa feteleza, umene suchoka pakamwa chaka chonse, masiku ano ukutchulidwa pongofunsana ngati kumwambaku kudzalole kuti thumba limenelo libweze ndalama yake.

Phokoso lalikulu lili pa siteji ya akabaza. Anyamatawa nkhani ya mvula amaitenga ndi mtima wonse, chifukwa dothi la m'chigwa cha Phalombe likanyowa limakakamira kumatayala, ndipo tsiku la matope mwini njinga amabwerera kunyumba chimanjamanja. Akale pantchitoyi amangotukula maso n'kuyang'ana phiri la Michesi. Akuti mtambo ukakhala pamutu pa phirilo dzuwa lisanafike paliwombo, n'kumakwera m'mwamba kunsi kwake kukuda bii, wa ulendo wautali anyamuke msanga. Achinyamata amapisa dzanja m'thumba. Tsiku lina foni ya mmodzi wa iwo inaonetsa kamtambo kokhala ndi mphenzi, pambali pake palembedwa 60%, ndipo nambala imeneyi inadya m'mawa wonse. Wina anati ndiye kuti mvula igwa m'midzi 60 mwa midzi 100 ya m'boma lino. Mnzake anakana, nati ivumba gawo lalikulu la tsikulo kenako kuwala dzuwa. Wachitatu anaimirira pambali pa njinga yake n'kunena motsimikiza kuti, "Iyayi achimwene, ndiye kuti mitambo yadzaza kufika pa 60, yatsala 40 kuti itayike." Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Amene analasa ndi bambo wina wachikulire amene ankadikira njinga. Iye anati pa masiku khumi ooneka ngati limenelo, asanu ndi limodzi mvula imagwa, anayi siigwa. Ndi momwemodi. Ikapanda kugwa sikuti foni yanama, tsikulo langogwera mwa anayi aja. Anyamata anavomera, koma mwaulesi, chifukwa za mitambo yodzaza zija n'zimene zinawakomera.

Kumsika amayi alibe nazo ntchito za foni. Umboni wawo uli pansi ndi m'mitengo. Nyerere zikayamba kusamuka zitanyamula mazira, achule akayamba kulira kudambo kusanagwe ndi dontho lomwe, anamzeze akamauluka motsika, basi mvula yayandikira. Pa mango pokha ndiye sagwirizana. Ena akuti mango akabereka mothyola nthambi ndiye kuti chaka chimenecho kuli njala, Mulungu wapereka poyambira. Ena akuti mango amenewo ndi umboni chabe wakuti chaka chatha mitengo inamwa bwino. Mkangano umenewu umachitika onse akudya mango omwewo. Palinso agogo ena ogulitsa nsinjiro amene bondo lawo amalikhulupirira kuposa wailesi, ndipo anzawo amawafunsa m'mawa uliwonse kuti, "Agogo, bondo likuti bwanji lero? Tiyanike ufa?"

Chimene amayiwa amanena chimene ine ndimachiikira kumbuyo ndi cha kutentha. Kukatentha mothetsa mpweya, thukuta osauma, amati kutentha kumeneku sikupita pachabe, ndipo a zanyengo sangawatsutse. Dzuwa likawotcha nthaka, mpweya wa pansi umatentha n'kukwera utanyamula chinyezi, ndipo ukafika kozizira umasanduka mitambo ija yaitali ya mabingu. N'chimodzimodzi mphika wa pamoto wovundikira: madzi amakwera ngati nthunzi, n'kukadontha kuchokera pachivundikiro. Kuno kwathu mapiri amathandizira. Mpweya ukawomba Michesi kapena phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa imafika mamita pafupifupi 3,000, ulibe kolowera koma m'mwamba. N'chifukwa chake mvula ya mabingu imakonda masana ndi madzulo, ndipo kawirikawiri imayambira kuphiri. Chimene amayiwa sangachione ali pamsika n'chakuti chinyezicho chachokera kuti, kaya ndi mpweya wa ku Congo umene umalowera kumpoto chakumadzulo, kaya ndi wa kunyanja ya mchere ya India. Zimenezo ndi zimene amaona a ku Blantyre pa zithunzi za setilaiti.

A ku Blantyre amenewa, a Nthambi Yoona za Kusintha kwa Nyengo ndi Zanyengo, ndiwo amazengedwa mlandu tsiku ndi tsiku mu shopu ya ometa tsitsi. Mlandu wake ndi umodzi: amangoti mvula ya mabingu igwa m'madera ena a m'chigawo cha kummwera. Madera ena ake ati? Wometa wina akuti atapatsidwa mpando umenewo iyenso akhoza kuigwira ntchitoyo, chifukwa palibe tsiku la dzinja limene mvula siigwa penapake. Kasitomala wake, theka la mutu litametedwa, anawonjeza kuti tsiku lina wailesi inalengeza mvula yamphamvu, iye n'kuvundikira njerwa zake ndi mapepala apulasitiki ogula pangongole, koma pa Migowi kunacha mpaka kuda kuli ngwee. Amene anabwera madzulo kuchokera ku Chiringa ndiwo anafika atanyowa chinyowere.

Dandaulo limeneli ndimalimva, koma pano a zanyengo ndiwaikira kumbuyo. Mtambo umodzi wa mabingu umaphimba dera la makilomita ochepa chabe, ndipo umabadwa, kukhuthula ndi kutha mu ola limodzi kapena awiri. Ukhoza kusasula madenga ku Chiringa, ku Migowi anthu akuyanika zovala. Wa zanyengo amatha kuona dzulo lake kuti mpweya wapsa, mabingu achitika, koma kuti mtambowo ukaima pamwamba pa mudzi wa uje, palibe dziko limene limadziwiratu tsiku lathunthu zisanachitike, ngakhale maiko a makina ochuluka. Akanena kuti madera ena, akunena zoona zimene akuzidziwa, ndipo ine ndimakonda ameneyo kusiyana ndi amene angandilonjeze ola ndi mudzi. Njerwa zija zinavundikiridwa mwanzeru. Vuto lathu n'lakuti timaika mauthenga onse m'thumba limodzi. Pali ulosi wa dzinja lonse, umene umatuluka mvula isanayambe akatswiri a maiko a SADC atakumana, ndipo umangonena ngati mvula idzakhale yochuluka kapena yochepa poyerekeza ndi zaka zonse. Pali ulosi wa tsiku ndi wa sabata. Ndiye pali chenjezo la namondwe. Lachitatuli ndi losiyana kwambiri ndi la mabingu a masana, chifukwa namondwe ndi chinthu chachikulu cha makilomita mazanamazana, chimaoneka pa setilaiti chidakali panyanja, ndipo njira yake imadziwika masiku angapo chisanafike. Munthu akhoza kuseka za madera ena, koma akamva dzina la namondwe asasekenso.

Maina amenewa nawo ndi nkhani pawokha. Pa bawo, pansi pa mtengo, akuluakulu amawawerenga motsatana: Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi chaka chomwecho, Freddy mu Malichi 2023, Chido mu Disembala 2024, Jude mu Malichi 2025. Wina anafunsa kuti kodi amene amatcha mainawa amakhala kuti, nanga bwanji amasankha maina a anthu osalakwa? Pali amayi otchedwa Ana amene mpaka lero akamalowa pakhomo la eni amalandiridwa ndi mawu akuti tsekani mazenera. Mkulu wina anati ndi azungu amene amatcha, pofuna kuti tsoka lizimveka lachilendo. Mphunzitsi wopuma pantchito anawongola nkhani. Mainawa amalembedwa pamndandanda nyengo isanayambe, motsatira zilembo kuyambira pa A, ndipo amaperekedwa ndi maiko a kuno komwe, a m'chigawo chathu chino. Dzina la Idai linaperekedwa ndi Zimbabwe. Amene amalondola anamondwewa usana ndi usiku ndi a Météo-France pachilumba cha La Réunion, ndipo a zanyengo athu amagwiritsa ntchito zimene iwo aona. Freddy yekha anabwera ndi dzina lake kuchokera kutali: anabadwira pafupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, n'kuwoloka nyanja yonse, kuwomba Madagascar ndi Mozambique, kubwerera panyanja, n'kudzalowanso pafupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Anakhala ndi moyo masiku 36, ndipo palibe namondwe wina wolembedwa m'mabuku amene anakhalitsa chotero.

Dzina limeneli likatchulidwa, pa bawo pamakhala bata. Kuno Freddy si nkhani ya pawailesi. Ku Nkhulambe, m'boma lomwe lino, kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, choncho madzi amenewo akanati angoima osayenda, akanafika munthu wamkulu m'chiuno paliponse, m'munda, pabwalo, pamsewu. Madera ambiri a m'Malawi salandira mvula yotere ngakhale chaka chathunthu. Koma madziwo sanaime. Anatsika m'phiri ndi miyala, matope ndi mitengo, n'kukwirira midzi ndi minda, ndipo chipatala chaching'ono cha ku Nkhulambe chinawonongekeratu. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Pa Migowi n'kovuta kupeza munthu amene alibe m'bale kapena mnzake amene zinamugwera.

Apa m'pamene pamabwera Napolo. Akuluakulu amene anaona za mu Malichi 1991, pamene Michesi anagumuka n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe, amanena mosakayika kuti chinjoka cha pansi pa phiri chinali pa ulendo wake wopita kunyanja, monga chinachitira ku Zomba mu 1946. Mphunzitsi uja amati palibe njoka. Nthaka ya pamalo otsetsereka ikamwa madzi masiku angapo imalemera, imaleka kugwira pathanthwe, n'kutsetsereka yonse pamodzi, ndipo kumene mitengo inatha zimafulumira. Awiriwa akhala akutsutsana zaka zambiri ndipo palibe amene wagonja. Chimene chimandikhudza n'chakuti ukawafunsa kumene ngoziyo imadzera, onse amaloza malo amodzi: m'makwawa otsika m'phiri, m'njira zakale za madzi, pamene pali miyala ikuluikulu imene inagubuduzika kale. Wa Napolo amati iyo ndi njira yake, usamangepo. Wa sukulu amati apo m'podzera matope, usamangepo. Akulu amenewa ali ndi mapu m'mutu amene a ku Blantyre alibe, ndipo ndikanakonda achinyamata amene akufuna malo omangapo nyumba akanayamba awafunsa asanaumbe njerwa.

Chinthu chimodzi Freddy anasintha. Kale chenjezo likamveka, ambiri ankangoti aja ayambanso. Nthawi ya Freddy chenjezo linaperekedwa masiku angapo zisanachitike, sukulu zinatsekedwa m'maboma a kummwera, komabe ambiri sanasamuke, ena poopa kusiya mbuzi ndi chimanga, ena posadziwa kolowera. Pamene kunamveka za Chido ndi Jude, pa Migowi panalibe wofunika kumukakamiza kuti atchere khutu. Koma mantha amenewa abala vuto lina. Masiku ano pa WhatsApp pamayenda mauthenga a mawu, munthu wosadziwika akulankhula mopuma wefuwefu kuti kukubwera namondwe woposa Freddy Lachinayi likudzali, tumizani kwa onse amene mumawakonda. Mayi wina anagona ndi ana atavala nsapato usiku wonse chifukwa cha uthenga wotere, kunja kuli nyenyezi zokhazokha. M'mawa anzake anamuseka, iyenso anaseka nawo, koma ine zinandimvetsa chisoni. Amene amapeka zimenezi akusewera ndi mabala a anthu, ndipo akuchititsa kuti tsiku la chenjezo lenileni ena adzanyozere. Chenjezo loona limakhala ndi mwini wake, a zanyengo kapena a DoDMA oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo limamveka pa MBC, pa Zodiak ndi pa mawailesi a m'madera. Uthenga umene uli pa foni ya mlamu wanu yokha, wailesi ili chete, musautumize kwa wina.

Za mphenzi ndiye aliyense ali ndi lamulo lake. Vundikirani galasi. Vulani malaya ofiira. Zimitsani foni. Telala uja akuti dzinja likafika nsalu zofiira zimangokhala osagulidwa, moti amaziika pansi pa zinzake mpaka Epulo. Ena amanong'ona za mphenzi yochita kutumiza, ya munthu amene unakangana naye za malire a munda. Mphenzi siiona mtundu wa malaya, ndipo foni ya m'manja yosalumikiza kumagetsi siiitana. Imafuna chinthu chachitali ndi malo a poyera. Oopsa ndi mtengo waukulu umene timathawirako mvula ikatipeza panjira, bwalo la mpira, dambo, munda, ndi madzi. Asodzi a ku Chilwa ndi a ku Mpoto amazidziwa bwino. Kukang'anima, werengani mpaka bingu limveke: masekondi atatu ndi kilomita imodzi. Ngati bingu mukulimva, ndiye kuti muli kale pamene mphenzi ingafike, lowani m'nyumba kapena m'galimoto. Galasi mukhoza kulivundikira ngati mtima ukufuna, palibe chimene chiwonongeke, bola mwana wa kubusa asaime pansi pa mtengo.

Pali nkhani ina imene imayamba ngati nthabwala koma mathero ake ndi oipa. Mvula ikachedwa, anthu amayamba kufunafuna amene waimanga. Woyamba kutchulidwa ndi wa uvuni wa njerwa zosawotcha, kenako amene nyumba yake sanafolere. Mpaka apa anthu amaseka, mwini njerwa nayenso amayankha kuti akanakhala ndi mphamvu zotero bwenzi akugulitsa mvula osati njerwa. Koma ng'amba ikapitirira, chala chimachoka kwa wa njerwa n'kuloza gogo wokhala yekha kumapeto kwa mudzi, ndipo m'dziko muno okalamba avulazidwapo ndi kuphedwa chifukwa cha mphekesera zotere. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ndipo ng'amba ili ndi chiyambi chake chodziwika. Dzinja la 2023 mpaka 2024, madzi a m'nyanja ya Pacific anatentha kuposa nthawi zonse, chimene amachitcha El Niño, ndipo a zanyengo anachenjeza nyengo isanayambe kuti mvula ikhoza kuchepa. Chimanga chinapserera m'minda, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Palibe gogo wa ku Phalombe amene anatenthetsa nyanja imeneyo.

Alimi, amene ndi pafupifupi tonse, funso lawo ndi limodzi: tidzale kapena tidikire? Mvula ya chizimalupsa yanyenga anthu ambiri. Imagwa kamodzi, fungo la dothi n'kukwera, mitima n'kudumpha, ena n'kutulutsa mbewu yogula modula, kenako dzuwa la masabata awiri n'kuiwotcha itangomera. Pa sitolo ya mbewu pali magulu awiri. Lina likuti wodzala msanga ndiye amadya msanga. Lina likuti mbewu ya masiku ano si yoyesera mwayi. Alangizi a zaulimi amati dikirani mvula yonyowetsa nthaka mozama, ndipo mverani ulosi wa masiku akutsogolo kuti mudziwe ngati ina ikutsatira. Amene ali ndi nzeru agawa munda, uku chimanga chocha msanga, uko nandolo amene amapirira dzuwa, kudambo mpunga. Bambo wina akuti iye amadzala tsiku limene mkazi wake wanena, ndipo sanagonepo ndi njala. Anzake akufuna kudziwa ngati mayiwo angawauzireko nawo.

Amene dzinja lawakomera kale ndi a hadiweya ndi akalipentala. Misomali ya malata, waya womangira denga ndi mapepala akuda apulasitiki zikutuluka tsiku lililonse, chifukwa mphepo ya mkuntho imene imatsogolera mvula yoyamba ndiyo imasasula madenga a nyumba, a sukulu ndi a matchalitchi. Kalipentala wina akuti anthu amamukumbukira mitambo ikada, ndipo amafuna akwere padenga mabingu akugunda. Iye amakana, ndipo akuchita bwino.

Mwa zonse zimene ndamva pa Migowi, funso lolemera kwambiri linachokera kwa mayi wina wa m'komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, mwa makomiti aja amene amayenda ndi chimkuzamawu kuchenjeza anthu. Iye anati kulengeza kuti anthu asamukire kumtunda n'kosavuta, koma kumtunda kwake kuti? Sukulu iti, tchalitchi chiti, makiyi ali ndi ndani usiku, agogo osayenda awanyamula ndani, mbuzi zikatsala aziyang'anira ndani? Iye akufuna kuti mafumu ndi makomiti akhale pansi tsopano, kudakali kouma, mudzi uliwonse udziwe malo ake ndi njira yake yosadutsa pamtsinje. Ndikugwirizana naye ndi mtima wonse. Anamondwe onse amene atchulidwa pa bawo paja anabwera pakati pa Disembala ndi Malichi, choncho nthawi yokambirana ndi ino.

Koma nkhani imene yatenga malo sabata ino ndi ya ukwati wina wa mu Disembala. Ankhoswe a kuchimuna akufuna madyerero achitikire pabwalo, mu tenti, poti ulosi wa pafoni ukuonetsa dzuwa. A kuchikazi awauza kuti, "Alamu, foni imeneyo singadziwe za tsiku limene lili kutsogolo ndi mwezi wathunthu," ndipo pamenepa akunena zoona, chifukwa ulosi wa tsiku ukapitirira sabata umayamba kufooka. Malume wa mkwati anadzipereka kuti akudziwa munthu wina amene angaipatutse mvula tsiku limenelo pa mtengo wa mbuzi imodzi. Amayi a kumpingo anamuyang'ana mpaka anakhala pansi. Pomaliza agwirizana kubwereka holo, ndipo mbuzi ija iphedwa kuti alendo adye.